KHUNGU LACHIKASU: NDI MATENDA KAPENA NDI MAUNGU?

Mwezi wa Marichi ukamatha, njala imayamba kutsazika m'midzi mwathu. Maungu amakhala atakhwima m'minda, nkhwani uli mbwee, ndipo pakapita masabata owerengeka mbatata nayo imayamba kukumbidwa. Pakhomo pamene dzana anthu ankagona ndi njala, tsopano mphika suchoka pamoto. M'mawa ana amadya maungu, masana maungu omwewo, madzulo nsima ya nkhwani wotendera. Mbatata ikalowa m'nyumba, futali ndiye amalanda ufumu.

Tsono tiyerekeze kuti m'nyengo yotereyi mayi wina akusambitsa mwana wake wa zaka ziwiri. Potembenuza kadzanja ka mwanayo akuona kuti chikhatho chasanduka chachikasu ngati wina wachipaka utoto. Akayang'ana kunsi kwa mapazi, nakonso n'chimodzimodzi. Ayesa sopo, ayesa kukhula ndi mwala, koma mtunduwo osachoka. Chodabwitsa n'chakuti mwanayo sakuonetsa kudwala kulikonse. Akudya bwino, akusewera ndi anzake, thupi silikutentha. Komabe mayi uja sakuona tulo. Anansi nawo abwera ndi nzeru zawo. Wina akuti ndi matenda a chikasu, wina akuti mwanayo magazi amuthera, winanso akunong'ona kuti pamenepa pali dzanja la munthu.

Anzanga owerenga, zoterezi zimachitikadi, kwa ana ndi kwa akulu omwe, ndipo madokotala adazipatsa dzina lakuti carotenemia, kutanthauza kuchuluka kwa karotini m'magazi. Munthu akamadya kwambiri zakudya zokhala ndi karotini kwa masabata angapo, khungu lake limasanduka lachikasu kapena lofiirira ngati lalanje lakupsa. Palokha vutoli silipha, ndipo ngakhale kupweteka silipweteka. Kuopsa kwake kwagona pa kulisokoneza ndi matenda enieni a chikasu, amene angathe kutenga moyo wa munthu. Tiyeni tsono tione gwero lake ndi m'mene tingasiyanitsire ziwirizi.

KODI KAROTINI NDI CHIYANI?

Karotini ndi utoto wachilengedwe umene zomera zimapanga. Ndiye amene amapatsa karoti, dzungu ndi mbatata yofiira m'kati mtundu wake uja, ndipo amapezekanso m'mango ndi m'mapapaya akupsa. Dzina lake lidachokera ku karoti yemweyo, popeza katswiri wa za mankhwala wa ku Germany, Heinrich Wackenroder, ndiye adayamba kumupatula kuchokera m'karoti m'chaka cha 1831. Karotini alipo wa mitundu ingapo, koma wodziwika ndiponso wofunika kwambiri kwa ife ndi amene amatchedwa beta-carotene.

Ambiri amadabwa akamva kuti masamba obiriwira nawonso ali ndi karotini wambiri. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada ndi mpiru, ndiwo zonsezi zili naye, kungoti amabisika kuseri kwa utoto wina wobiriwira wotchedwa chlorophyll. Umboni wake timauona tsiku ndi tsiku. Tsamba likakalamba kubiriwira kumatha ndipo limasanduka lachikasu. Chikasucho sichichokera kwina ayi, chidali momwemo kuyambira kale.

Ziweto zathu nazo zimatiphunzitsa zomwezo. Iswani dzira la nkhuku yachikuda imene imangodziyendera n'kumajompha msipu, mudzapeza kuti m'kati mwake ndi mwachikasu kwambiri. Mafuta a ng'ombe yodya udzu wauwisi nawonso amaoneka achikasu. Mtunduwo umachokera ku karotini ndi abale ake amene ali m'zomera zimene ziwetozo zadya. Nanga ngati nkhuku ndi ng'ombe zimatero, munthu angalephere bwanji?

ULENDO WA KAROTINI M'THUPI

Thupi lathu limamufuna karotini pa chifukwa chimodzi chachikulu: limamusandutsa vitamini A. Zimenezi adazitsimikiza ndi katswiri wina wa ku Cambridge ku England, Thomas Moore, m'chaka cha 1930. Iye adapatsa karotini makoswe amene ankasowa vitamini A, ndipo pambuyo pake adapeza vitaminiyu m'ziwindi zawo. Ntchito ya vitamini A ndi yaikulu zedi. Amatithandiza kuona kunja kukayamba kuda, amathandiza ana kukula bwino, ndiponso amalimbitsa chitetezo cha thupi ku matenda monga chikuku ndi kutsekula m'mimba.

Ntchito yosandutsa karotini kukhala vitamini A imachitika makamaka m'matumbo aang'ono, ndipo vitamini amene wapangidwayo amakasungidwa m'chiwindi. Koma thupi lili ndi nzeru zake. Likaona kuti vitamini A wakwanira, limachepetsa ntchito yosandutsayo. Ichi ndicho chifukwa chake munthu sangadwale ndi kuchuluka kwa vitamini A chifukwa chodya maungu kapena mbatata, ngakhale atadya zochuluka chotani.

Nanga karotini wotsalayo amapita kuti? Taganizani za mlimi amene wakolola chimanga chambiri mpaka nkhokwe yake yadzaza. Chotsala sachitaya, amachiunjika pakhonde pamene aliyense wodutsa amachiona. Thupi nalo limachita chimodzimodzi. Karotini sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, motero satuluka msanga ndi mkodzo. Amayenda m'magazi n'kukakhazikika m'mafuta a m'thupi ndi pa khungu lakunja. Khungu ndilo khonde lija.

Mtunduwu umaonekera kwambiri pamene khungu lili lokhuthala, monga m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, ndiponso pamene pamatuluka thukuta ndi mafuta ambiri, monga pamphuno, m'mphepete mwa mphuno ndi pachipumi. Kwa ife anthu akuda, utoto wathu wachibadwa wotchedwa melanin umaphimba chikasucho pa thupi lonse, kotero kawirikawiri timachiona m'zikhatho ndi kumapazi kokha. Kwa azungu ndi kwa ana oyererako chimaonekera ngakhale kumaso.

MUNTHU AMAFIKA POTERE ATADYA ZOCHULUKA BWANJI?

Kudya dzungu lathunthu tsiku limodzi sikungasinthe khungu la munthu. Chimene chimabweretsa carotenemia ndi kudya zomwezomwezo tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Mabuku a zachipatala amati kwa munthu wamkulu zimayamba kuoneka akamalandira beta-carotene woposa mamiligalamu 30 pa tsiku. Magalamu 100 a karoti ali ndi mamiligalamu pafupifupi 8, ndipo mbatata yofiira kwambiri m'kati ili ndi muyeso wofananako. Choncho munthu wodya magalamu 400 a zakudya zimenezi tsiku lililonse, kumene kuli kuyandikira theka la kilogalamu, wafika kale pa mlingowo. Mwana wamng'ono amafika msanga popeza thupi lake ndi laling'ono.

Kaphikidwe nako kali ndi mbali yake. Mu karoti wamuwisi karotini amakhala wotsekeredwa, ndipo wambiri amangodutsa m'matumbo osalowa m'magazi. Koma chakudya chikaphikidwa, chikapotedwa kapena kusinjidwa, karotini amamasuka. Mukathirako mafuta kapena nsinjiro ndiye mwamutsekulira khomo, pakuti amalowa m'magazi limodzi ndi mafutawo. N'chifukwa chake futali wa mbatata yofiira ndi nkhwani wotendera zimapatsa thupi karotini wochuluka kuposa masamba ongofwafwaza. N'chifukwa chakenso vutoli limakonda ana amene angoyamba kudya, amene amayi awo amawapotera dzungu kapena mbatata kuti ameze mosavuta. Pamenepa tisalakwitse: kutendera ndiwo ndi nzeru yabwino imene agogo athu adatisiyira. Cholakwika ndi kudya chinthu chimodzi osasintha. Paja akulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Vutoli si lachilendo ndipo si la kwathu kuno kokha. Dzina lakuti carotenemia lidatchuka m'chaka cha 1919 pamene akatswiri awiri a ku New York, Alfred Hess ndi Victor Myers, adalemba za ana amene khungu lawo lidasanduka lachikasu chifukwa cha zakudya monga karoti. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, chakudya chitachepa ku Britain, boma lidalimbikitsa anthu kudya karoti, mpaka lidajambula chithunzi cha karoti wonyamula chikwama cha dokotala n'kumutcha Doctor Carrot. Ena adamvera mopitiriza muyeso ndipo madokotala adayamba kulandira anthu a zikhatho zachikasu. Kumadzulo kwa Africa, kumaiko monga Nigeria ndi Ghana, zoterezi zimabwera ndi mafuta ofiira a kanjedza amene anthu amaphikira ndiwo tsiku ndi tsiku, popeza mafutawa ali ndi karotini wochuluka kwabasi. Matimati nawo ali ndi utoto wawo wofiira wotchedwa lycopene, umene ukachuluka m'thupi umasandutsa khungu kukhala lofiirira.

CHINSINSI CHILI M'MASO

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani yathu. M'Chichewa liwu lakuti chikasu limatchula mtundu, limatchulanso matenda, ndiye nkosavuta kuganiza kuti aliyense wa khungu lachikasu akudwala chikasu. Koma matenda a chikasu gwero lake ndi lina.

Tizigawo tofiira ta m'magazi athu timakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Tikafa timasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubin. Chiwindi chimatola utotowu n'kuutumiza m'ndulu, ndipo kuchokera m'menemo umatsikira m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi. Njira imeneyi ikasokonezeka, bilirubin amadzaza m'magazi ndipo munthu amasanduka wachikasu. Zosokoneza zake ndi zambiri: kutupa kwa chiwindi kobwera ndi tizilombo ta hepatitis, malungo aakulu amene amaphwanya tizigawo ta magazi tambiri nthawi imodzi, matenda a sickle cell, timiyala totseka njira ya ndulu, kumwa mowa mwauchidakwa, ngakhalenso mankhwala ena monga a chifuwa chachikulu akapanda kuyanjana ndi thupi. Zonsezi ndi zofunika chipatala mwamsanga.

Nanga tingasiyanitse bwanji? Yang'anani m'maso. Bilirubin amakonda kumatirira pa mbali yoyera ya diso, ndipo kawirikawiri maso ndiwo amayamba kusintha khungu lisanasinthe. Karotini satero. Ngakhale zikhatho zitafiira ngati papaya, mbali yoyera ya diso imakhalabe yoyera. Muimikeni munthuyo panja dzuwa likuwala, osati m'nyumba ya mdima kapena pa nyali ya koloboyi. Kwezani chikope cham'mwamba iye akuyang'ana pansi, kenaka muone bwinobwino mosapupuluma, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zizindikiro zinanso zothandiza. Choyamba, wodwala chikasu mkodzo wake umada ngati tiyi wopanda mkaka, pamene wa carotenemia mkodzo wake susintha motero. Chachiwiri, njira ya ndulu ikatsekeka chimbudzi chimatuwa ndipo thupi limayabwa. Chachitatu, wodwala chikasu nthawi zambiri amaonekeratu kuti akudwala: amafooka, safuna kudya, amachita nseru, amamva kuwawa m'mimba chakumanja pansi pa nthiti, mwinanso thupi limatentha. Wa carotenemia amakhala wangwiro. Chachinayi, funsani zimene munthuyo wakhala akudya mwezi wathawu. Yankho lake lingathe kumasula mwambi wonse.

Aja amati mwana magazi amuthera nawonso ayenera kuyankhidwa. Munthu wochepa magazi zikhatho zake sizikhala zachikasu koma zotuwa kapena zoyera, ndipo mukatsitsa chikope cham'munsi mudzaona kuti m'kati mwake mwayera m'malo mofiira. Ameneyonso ndi wofunika chipatala.

Chenjezo lalikulu likhale pa makanda. Khanda la masiku owerengeka silinadyepo dzungu kapena mbatata. Likasanduka lachikasu, makamaka tsiku loyamba kubadwa, kapena chikasucho chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena likamangogona osafuna kuyamwa, musati ndi za chakudya. Thamangirani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa bilirubin akachuluka kwambiri amaononga ubongo wa khanda.

PAMENE CHAKUDYA SINDICHO GWERO

Nthawi zina karotini amachuluka m'magazi munthu asanadye maungu ambiri n'komwe. Zimatero thupi likamalephera kumusandutsa vitamini A, kapena mafuta amene amamunyamula akachuluka m'magazi. Matenda amene amachititsa zimenezi ndi a shuga, kufooka kwa chithokomiro, matenda ena a impso ndi a chiwindi, ndiponso vuto lodzimana chakudya dala poopa kunenepa, limene madokotala amalitcha anorexia nervosa.

Motero ngati zikhatho zasanduka zachikasu koma munthu sadye kwambiri zakudya tatchula zija, asangokhala. Ngatinso akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi ndi kuonda, kapena akungotopa, kumva kuzizira ndi kunenepa popanda chifukwa, apite akapimidwe. Kuchipatala amatha kuyeza magazi n'kudziwa ngati chachuluka ndi bilirubin kapena shuga. Wokaika aliyense afunse odziwa, pakuti safunsa adadya phula.

MANKHWALA AKE

Carotenemia yobwera ndi chakudya ilibe jekeseni, ilibe mbulu wa mankhwala, ndipo sifuna mzu wa mtengo uliwonse. Mankhwala ake ali mumphika momwemo. Chepetsani chakudya chimene chachulukacho ndi kusinthasintha zakudya: lero mbatata, mawa chinangwa kapena nthochi, ndiwo zikhale nyemba, usipa, mazira ndi masamba mosinthana. Karotini wa m'magazi amatsika pakangopita sabata imodzi kapena awiri, koma khungu limachedwerapo. Pamatenga masabata angapo, mwinanso miyezi, chifukwa karotini wosungidwa m'mafuta amachoka pang'onopang'ono, ndipo khungu lakunja liyenera kufundula kuti latsopano lioneke.

Kukhula zikhatho za mwana ndi mwala n'kungomuvulaza chabe, popeza utotowo suli pamwamba ngati litsiro. Kumumwetsa zitsamba zosadziwika muyeso wake n'koopsa koposa, chifukwa zina mwa izo zimaononga chiwindi ndi impso. Mwana amene adalibe matenda angathe kudwala chikasu chenicheni chifukwa cha mankhwala amene amafuna kumuchiritsa nawo chikasu chabodza.

TISATHAWE MAUNGU NDI MBATATA

Wina atawerenga mpaka apa anganene kuti, "Basi, kwathu maungu ndi mbatata yofiira zisalowenso." Ameneyo walakwitsa kwambiri. M'dziko lathu lino vuto limene lazunza ana kwa zaka zambiri si kuchuluka kwa karotini koma kusowa kwa vitamini A. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2001 adapeza kuti ana aang'ono 59 mwa ana 100 aliwonse ankasowa vitaminiyu. Mwana wotere amayamba kusaona bwino madzulo, maso ake amauma, ndipo zikafika poipa amachita khungu osadzaonanso. Chikuku ndi kutsekula m'mimba nazo zimamugwetsa msanga.

Pofuna kuthana ndi vutoli, ana adayamba kulandira timibulu ta vitamini A kusikelo, mafuta ophikira adayamba kuthiridwa vitaminiyu, ndipo m'chaka cha 2012 shuga naye adalowa m'gululi. Alangizi a zaulimi adafalitsa mbatata yofiira m'kati ya Zondeni, ndipo m'chaka cha 2011 padatulukanso mitundu ina monga Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire. Ntchito zonsezi pamodzi zidabala zipatso. Pofika 2009 chiwerengero chija chidatsika kufika pa ana 22 mwa 100, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana osakwana 4 mwa 100 aliwonse. Kufunika kwa mbatatayi kudadziwika pa dziko lonse pamene Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low, amene adagwira ntchito yoifalitsa mu Africa, adalandira mphoto ya World Food Prize m'chaka cha 2016 limodzi ndi Howarth Bouis.

Chiyankhulo chathu chili ndi liwu limodzi la matanthauzo awiri: khungu lophimba thupi, ndi khungu la kusaona. Kumana mwana maungu ndi mbatata poopa kuti khungu lake lisintha mtundu ndiko kumukankhira ku khungu linalo. Loyambalo limabwerera mwakale pakapita masabata. Lachiwirilo likabwera labwereratu.

CHAKUDYA SI CHIMODZIMODZI NDI MIBULU YA M'BOTOLO

Tanena kuti karotini wa m'chakudya savulaza. Koma zimenezi sizikhudza mibulu yogula m'masitolo. Vitamini A weniweni, wa m'mibulu, sadikira kuti thupi limusandutse. Amapita molunjika kuchiwindi, ndipo akachuluka amachiononga. Kwa mayi woyembekezera angathe kupundula mwana ali m'mimba. N'chifukwa chake timibulu ta kusikelo timaperekedwa ndi azaumoyo pa muyeso ndi pa nthawi yake.

Ngakhale mibulu ya beta-carotene si ya aliyense. Ku Finland adachita kafukufuku pa amuna osuta fodya oposa 29,000. Ena mwa iwo ankamwa mamiligalamu 20 a beta-carotene tsiku lililonse kwa zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu. Ofufuzawo ankayembekeza kuti khansa ya m'mapapo ichepa, koma zotsatira zimene zidatuluka mu 1994 zidaonetsa kuti idachuluka ndi 18 pa 100 pakati pa omwa mibuluyo. Kafukufuku wina wofanana naye ku America adaimitsidwa mu 1996 atapeza zomwezo. Phunziro lake ndi lakuti wosuta fodya apewe mibulu imeneyi, ndipo tonsefe karotini wathu tizimutenga kumunda ndi kudimba.

Tibwerere tsono kwa mayi uja tidamusiya ali ndi nkhawa. Chimene ayenera kuchita n'chapafupi. Amutengere mwanayo padzuwa ndi kumuyang'ana m'maso. Ngati maso ali oyera, mkodzo uli bwino, mwana akudya ndi kusewera, ndipo mwezi wonse wakhala akudya maungu ndi futali, mtima ukhale m'malo. Asinthe zakudya, ndipo tsiku la sikelo akawaonetse azaumoyo zikhathozo kuti atsimikize. Koma ngati maso asanduka achikasu, ngakhale pang'ono pokha, asadikire mawa ndipo asayambe wapita kwina. Abereke mwana, ulendo wa kuchipatala. Inunso anzanga, mukapita kumudzi pa tchuthi n'kukumva anansi akukangana za zikhatho za mwana, musalowe nawo mkanganowo. Pemphani kuti muone maso ake.